A Beli Rennie ndi Mipando Yobwereka

Zinayamba Loweruka pa 16 Novembala 1974, nthawi ili 2 koloko masana, pamene a Beli Rennie anagogoda ndi ndodo yawo pachitseko cha amake Tiya, pa nsanjika yachisanu ndi chinayi ya nyumba imene tinkakhala ku North York, ku Canada. Ine ndinali pambuyo pawo, nditawanyamulira chikwama. Ndinapita ngati womasulira. Amake Tiya anali mayi wamasiye, ndipo chimene ankapempha chinali chochepa: thandizo la sabata ndi sabata kuchokera m'thumba la osauka la mpingo wathu, kuti asasiyane ndi ana awo awiri.

Mwezi watha a Beli tawaika m'manda. Analankhula anthu asanu, onse ananena zabwino zokhazokha. Ine anandipempha kuti ndilankhule m'malo mwa Aafirika a mumpingo, ndinakana. Mwambo ndikuudziwa, munthu akagona zoipa zake timazisiya zigone naye. Koma zimene anachita a Beli sizinalowe nawo m'bokosi. N'chifukwa chake ndikulemba.

Dzina lawo linali Rennie, koma ankafuna kuti tiziwatchula ndi udindo wawo wakale. Kwawo ku Scotland, m'katawuni ka asodzi, anakhala m'khonsolo zaka zambiri mpaka anafika pa udindo wa khansala wamkulu, amene ankaweruzanso timilandu ta kuledzera ndi ndewu za padoko. Dzina la udindowo m'makutu mwathu linkamveka ngati "Beli", ndiye tinangowatcha a Beli. Ku Canada anabwera atapuma, kutsata mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa kuno. Thupi lokha ndilo linawoloka nyanja. Mutu unatsala m'chipinda cha khonsolo, pamwamba pa ndende yakale ya tawuniyo.

Anali wamfupi, wa khosi lolimba, wa nsidze zoyera zoimirira. Ankavala suti imodzi yakuda ndi wotchi ya tcheni. Mapemphero akatha, anthu tikumwa tiyi m'holo, ankasankha munthu mmodzi n'kumupanikiza pakona. Kawirikawiri munthuyo ndinali ine, chifukwa sindidziwa kudula mawu a wamkulu. Motero ine amene sindinapondeko ku Scotland ndikhoza kukuuzani kuti tawuni yawo inalandira chikalata chake kuchokera kwa mfumu zaka mazanamazana zapitazo. Ndikudziwa kuti tcheni cha meya chinali ndi kamphete kamodzi kopindika. Ndikudziwa kuti khonsolo inakangana nyengo yonse yachisanu za malo oika chimbudzi cha padoko, ndipo mbali ya a Beli ndi imene inapambana. Nyali za mumsewu, ngalande, mtengo wa malo a manda, malipiro a munthu woliza belu, zonse ankazinena pamtima, ndi mayina a amene anapereka mfundo ndi amene anaivomereza.

Koma chimene ankanyadira kwenikweni chinali mndandanda wa osauka. M'tawuni yawo amayi amasiye, asodzi okalamba ndi olumala ankalandira kapenshoni, masheleni ochepa pa sabata ndi thumba la malasha nthawi yozizira. Ndalama zina zinali za khonsolo, zina zinasiyidwa ndi amalonda olemera amene anafa kalekale. Dzina lililonse linkawerengedwa mokweza pamsonkhano, makhansala n'kulikambirana monga ankakambira za ngalande. A Beli anayamba ali mnyamata wolembera mkulu woyendera osauka, ndipo anamaliza ali wapampando wa komiti yake. Ankati m'zaka zonsezo palibe sheleni imene inalowa m'nyumba yosayenera.

Ankafotokoza akumwetulira mmene osauka a kwawo ankachitira. Akamva kuti woyendera akubwera, ankatulutsa katundu kukamubisa kwa oyandikana nawo, wina wotchi ya pakhoma, wina kabati, wina makina osokera. A Beli anaphunzira kusayang'ana katundu amene alipo koma malo a katundu amene palibe. Pakhoma ankafunapo chigamba chowala pamene panali wotchi. Pansi ankafunapo zipsera za miyendo ya kabati. Mayi wina anamuchotsa pa mndandanda chifukwa cha msomali umene unatsala pakhoma. Nkhani ya msomaliyo ndinaimva kakhumi kapena kuposa.

Anali ndi mawu awo obwerezabwereza. Ankati thumba la anthu lilibe mtima, lili ndi maso basi. Ankati thandizo lobwera msanga limafooketsa miyendo ya munthu. Ankatinso wosauka weniweni safuula, choncho amene walira kwambiri ndiye woyenera kumufufuza kawiri. Ife Amalawi ankatitcha anthu a ku Nyasaland mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo sankaiwala kutikumbutsa kuti ali mwana ankaponya makobiri m'bokosi la mishoni kuti ife tiphunzire kuwerenga. Ankanena ngati munthu amene akudikirabe chenji.

Asanabwere iwo, thumba la osauka linali chitini m'kabati ya abusa. Munthu akavutika, abusa ankatsegula chitinicho. A Beli atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo anati uko n'kuseweretsa ndalama za Mulungu. Anakhazikitsa komiti ya anthu asanu, iwo wapampando, ndipo anabweretsa malamulo a khonsolo ya kwawo olembedwa ndi dzanja lawo. Munthu sunkaloledwa kulankhula ndi mnzako wakhala naye moyandikana, umayenera kudzera kwa wapampando. Chaka choyamba anaumirira kuti osauka azipatsidwa malasha, mpaka abusa anachita kuwatengera ku nyumba zansanjika kukawaonetsa kuti mulibe mbaula. Anavomera, koma anapempha kuti maminitsi alembe kuti iwo sanagwirizane nazo. Abusa anali munthu wachinyamata, wa mtima wabwino, koma wamantha. M'komitimo munalinso nkhalamba ziwiri za ku Scotland komweko, bambo ndi mayi, zimene zinkayang'ana dzanja la a Beli zisanakweze awo. Wachisanu ndinali ine, woimira alendo.

Amuna awo a amake Tiya, a Kamwendo, anali wophunzira pa yunivesite. Anadwala mwezi umodzi wokha n'kumwalira mu Seputembala. Anasiya ana awiri aakazi, Tiyamike wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi Esinati wa zaka zitatu. Kumudzi kunalibe kobwerera, chifukwa malemu anali atalembapo zinthu zimene boma la kwathu silinakondwe nazo. Pempho la mayiyo loti akhale m'dziko muno linali lisanayankhidwe, ndipo ankaopa kuti akapita ku thandizo la boma, pempholo liwonongeka. Ife Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinali mabanja asanu ndi awiri okha, ndipo maliro anali atatimaliza. Kunatsala mpingo basi.

Lachisanu, tsiku la ulendo lisanafike, tinasonkhana m'fulati yawo. Munali matiresi amodzi, tebulo la mwendo wogwedera, mipando iwiri yachitsulo, ndi mabuku a malemu m'makatoni. Zina zonse anali atagulitsa. Mayi Nambewe, nesi amene ankakhala nsanjika ya pansi pathu, anaima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno.

"Mkulu wa mpingo akhale pati apa? Pa katoni? Akanene kuti Amalawi sadziwa kulandira alendo? A Mwale, mipando yanu ija ya ndalema ikuchita chiyani kumwambaku?"

"Ilipo," ndinatero ine.

"Ndiye itsike. Ine ndibweretsa makatani ndi wailesi. Amake Tiya, musalire, nkhuku ndagula kale."

Tinatsitsa mipando iwiri pa chikepe. Akazi anga anabweretsa makapu a paukwati wathu ndi nsalu ya patebulo. Nambewe anapachika makatani ake, anatalika, anawapinda ndi mapini. Pomaliza m'nyumbamo munaoneka ngati mwa munthu, ndipo amake Tiya anamwetulira koyamba chichitikire maliro. Apa ndiyenera kudzinenera ndekha. Nkhani ya msomali ndinkaidziwa. Koma ndinkaimva ngati nthano ya kwa eni, yosatikhudza. Ife sitinkabisa kanthu. Tinkalandira mlendo.

Chitseko chitatseguka Lowerukalo, amake Tiya anagwada.

"Auzeni adzuke," anatero a Beli. "Ine si Papa wa ku Roma."

Amake Tiya anawalozera mpando, a Beli sanakhale. Anawapatsa tiyi, anati lamulo lawo n'lakuti sadya kapena kumwa m'nyumba ya wopempha. Fungo la nkhuku ndi mpunga linali litadzaza nyumba. Tiyamike anali ataloweza vesi loti awanenere, anaima pafupi ndi khoma kudikira kuti amuitane. Sanamuitane. A Beli anayenda chipinda chonse pang'onopang'ono. Anakankha mpando umodzi ndi ndodo n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali. Anatukula mpendero wa katani. Anatembenuza kapu kuti awerenge za kunsi kwake. Anayatsa wailesi n'kuizimitsa. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Afunseni ngati zinthu izi ndi zawo."

Ndinafunsa. Nambewe anali ataima pakhomo la khitchini, akazi anga pambuyo pake. Amake Tiya anayang'ana pansi.

"Ndi zathu, bambo."

Aliyense wa kwathu akudziwa chimene mayiyo ananena. Munthu wolemekezeka sati "zanga" pamaso pa wamkulu. Komanso zinalidi zathu, za ife amene tinaima m'chipindamo. Ndipo ndani angauze mlendo kuti mpando umene takupatsaniwu tachita kubwereka? Kutero n'kumuchititsa manyazi mlendoyo pamodzi ndi wobwereketsa. Ine ndinamasulira liwu ndi liwu m'Chingerezi, kuti akuti ndi zathu.

"Zathu? Za yani?" anafunsa a Beli. "Za m'nyumba muno?"

Ndinayang'ana amake Tiya, ndinayang'ana amayi awiri aja pakhomo. Ndinati, "Inde, za m'nyumba muno."

Analemba m'kabuku kawo. Anavala chipewa. Ulendo wonse sunakwane mphindi khumi ndi zisanu. Nkhuku ija tinadya tokha tsiku lotsatira.

Ndinawaperekeza pokwerera basi. Mphepo inali yoluma. Ndinaona kuti kuli bwino ndikonze zinthu basi isanabwere, ndiye ndinawauza zonse, kuti mipando ndi yanga, makapu ndi a akazi anga, wailesi ndi makatani ndi za mayi Nambewe.

"Ndinadziwa ndisanavule chipewa," anatero. "Mpando umene wakhala pamalo chaka chathunthu umasiya zipsera. Uja unalibe. Makatani aja ndi a zenera lina. Wailesi ija ndinaiona kwa nesi uja pa Khirisimasi."

Mtima wanga unakhala pansi. "Ndiye mwaona nokha kuti alibe chilichonse."

"Ndaona. Kwathu ankatulutsa katundu ine ndisanafike, inu mumalowetsa. Kwa ine n'chimodzimodzi. Mwakonza nyumba kuti maso anga aone zimene kulibe. Ndinafunsa funso, ndinayankhidwa bodza, kudzera pakamwa panu."

"Unali ulemu, a Beli. Tinkalemekeza inu."

"Sindinapemphe ulemu, Bambo Mwale. Ndinapempha zoona. Muwerenge lamulo lachisanu ndi chinayi."

Basi inafika, anakwera, analipira ndi ndalama ya m'thumba mwawo monga mwa nthawi zonse.

Lamulo lachisanu ndi chinayi linkati wopempha amene wayankha zabodza kwa woyendera achotsedwe. Lamulo lina pansi pake linkati mfundo ikavomerezedwa siingasinthidwe pokhapokha amene anaipereka ataibweza yekha. Lachinayi lotsatira komiti inakumana. Ndinafotokoza za mwambo wathu, ndinafotokoza za liwu lakuti "zathu", ndinanena kuti ngati pali wabodza ndine. A Beli anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati womasulira ndi pakamwa pa wopempha, ndipo mayiyo anali pomwepo koma sanatsutse. Ndinati sakanatsutsa Chingerezi chimene sanachimve. Anati imeneyo ndi nkhani ina, ndipo siili pa ndondomeko ya lero. Kenaka anapereka mfundo yoti pempho la amake Tiya likanidwe, ndipo manja atatu anakwera. Ine ndi abusa tinagonja.

Lamulungu, Nambewe anawatsekereza a Beli pakhomo la holo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Agogo inu, wailesi ndi yanga, makatani ndi anga. Mukufuna ndibwere ndi malisiti?"

"Mayi, nkhani za komiti zimadzera kwa wapampando."

"Wapampandoyo si inu nomwe?"

"Ndiye mulembe kalata."

Nambewe anatembenukira kwa ine, nalankhula Chichewa mokweza kuti holo yonse imve. "A Mwale, ulendo uno mumasulire bwino. Muwauze kuti pamtima pawo pali firiji. Firiji yopanda kanthu m'kati."

Sindinamasulire. A Beli anafunsa kuti mayiyo wati chiyani, ndinati akuti kalatayo alemba. Analembadi, masamba anayi. A Beli anaiwerenga pamsonkhano yonse, osadumpha liwu, ngakhale pamene inkawatukwana. Kenaka anapereka mfundo yoti kalatayo yalandiridwa ndipo isungidwe.

Mu Januwale amake Tiya anatuluka m'fulati. Anapeza ntchito ku Mississauga yosamalira gogo wina wachizungu, yogonera komweko, koma eni nyumba sankafuna ana. Atsikana aja anakhala kwa Nambewe miyezi itatu. Nambewe ankagwira mashifiti, ndipo tsiku lina Esinati anapezeka yekha m'chikepe akulira. Kwa ine kunali kale ana anayi m'zipinda ziwiri, ndipo woyang'anira nyumba anali atandichenjeza kawiri. Izi sindiwasenzetsa a Beli. Izi ndi zathu, ndipo pano ndikutanthauza ife. Mu Epulo amake Tiya anasayina pepala kwa a bungwe loona za ana, atsikana n'kupita kukaleredwa ndi banja lina ku Brampton. Anati n'kwa kanthawi. Kuti awatengenso, mayiyo ankayenera kuonetsa nyumba yakeyake ndi thandizo lodalirika. Malipiro a ntchito yogonera sakanakwana lendi. Kalata imodzi ya komiti yathu ikanakwanira.

Mwezi wotsatira, mu Meyi 1975, boma la kwawo linathetsa makhonsolo akale a matawuni a ku Scotland n'kuwaphatikiza m'maboma aakulu. A Beli anabwera ku komiti atavala tayi yakuda. Maso awo anali ofiira. Anapempha kuti tiime chete mphindi imodzi kukumbukira khonsolo ya tawuni yawo, ndipo tinaima, ine ndi abusa ndi nkhalamba ziwiri zija, kulira maliro a chipinda chimene ena a ife sitinachionepo. Titakhala pansi ndinapereka pempho lachiwiri la amake Tiya. A Beli anati nkhaniyo inatha kale. Munthu amene ankatha kulirira tcheni cha meya analibe msozi wa ana awiri.

Ndinapemphanso kawiri m'zaka zotsatira. Abusa anapita nayo nkhaniyo ku seshoni, koma kumeneko akulu ampingo anati sangalowerere ntchito ya komiti. Zoona zake n'zakuti ndalama zambiri za m'thumbamo ankazisonkhanitsa ndi a Beli kwa anthu akwawo, ndipo palibe amene ankafuna kuwakwiyitsa.

Kamodzi, chaka chatha, ndinaperekeza amake Tiya ku Brampton tsiku lawo lopuma. Anali atakazinga mandasi. Banja lolera anawo linali la anthu abwino, sindingawanenere choipa. Tiyamike anathamanga kudzawakumbatira amayi ake, koma atamufunsa kuti "Uli bwanji, mwanangu?" anayankha m'Chingerezi. Esinati anabisala kuseri kwa diresi la mayi wachizungu uja. Anasuzumira n'kufunsa, "Who's that lady?" Mandasi anawaluma kamodzi n'kuwasiya pambale. Pobwerera m'basi amake Tiya ankangoyang'ana pazenera mpaka titalowa mu Mississauga. Pamenepo anangoti, "Akula."

Ndinena zimene zili zoona za a Beli, kuti wina asati ndawadyera miseche. Sanabepo senti. Ankayenda wapansi m'chipale chofewa kukaona wopempha aliyense, ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Sankakondera khungu. Anakana Mtaliyana, anakana mayi wa ku Jamaica, anakananso nkhalamba ya m'boma la kwawo imene inapezeka ndi botolo pansi pa bedi. Amene anawavomereza ankalandira tsiku lake, osachedwa ndi ola limodzi. Anali wachilungamo monga mpeni ulili wachilungamo, umadula chala chilichonse chimene wachipeza.

Pamaliro abusa anaulula chinthu chimene ankaganiza kuti ndi chinsinsi. Anati mayi awo a a Beli nawonso anali wamasiye pa mndandanda wa osauka, ndipo dzina lawo linawerengedwa m'khonsolo a Beli ali mwana. Anthu anapukuta misozi. Ine nkhaniyo ndinali nditaimva kale kwa eni ake, ndipo sankainena molira. Ankainena monyada, kuti mayi awo anayamba agulitsa wotchi ndi bedi asanapemphe, n'kulandira woyendera m'nyumba yopanda kanthu ataimirira. Ankafuna kuti wosauka aliyense padziko avule chimodzimodzi. Munthu amene anapsapo ndi moto ali mwana, akakula n'kumagwira dzanja la ana a anzake kuliika pamoto womwewo, ine sindimulira.

Ndinawaona komaliza mu Febuluwale, m'chipatala. Anali atadwala chibayo. Anagonekedwa mu wodi ya Nambewe, ndipo ndi iye amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza. Ndinakumana naye pakhonde.

"Ndimawasamala ngati bambo anga," anatero. "Sapeza chilonda cha pabedi ine ndilipo. Koma moni sindiwapatsa. Mwabwera ndi pepala lanu lija? Lowani, mwina mapaipi a oksijeni awafewetsa."

Ndinali nditalemba chiganizo chimodzi chobweza mfundo ija. Chinkangofunika siginecha. A Beli anali atachepa, suti kulibe, wotchi ili pa kabati. Anandizindikira. Ndinawauza za Esinati, mawu ake enieni. Anatseka maso, ndinaganiza kuti zawakhudza. Kenaka anati ndiwawerengere maminitsi a tsiku lija. Ndinali nawo, ndinawerenga. Anandikonza pa tsiku, ndinali nditatchula 22 m'malo mwa 21.

"Zimene zalembedwazo ndi zimene zinanenedwa?" anafunsa.

"Mawu ake ndi omwewo, a Beli, koma tanthauzo..."

"Ndiye palibe chokonza."

Anatembenukira kukhoma. Ndinadikira pang'ono, ndinapinda pepala langa n'kutuluka. Anamwalira patatha masabata atatu.

Komiti inakumana Lachinayi lotsatira maliro, 7 koloko madzulo, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Kumutu kwa tebulo kunalibe munthu. Mpando wawo unali wokankhidwira m'kati, katsamiro kake kataphwa pakati. Kanyundo kawo kamtengo kanali pamalo ake, pambali pa kadzenje kamene kanakumbika patebulo ndi kugogoda kwa zaka zisanu ndi zitatu. Tambula imene woyeretsa ankawaikira inalipo, yopanda madzi. Palibe amene anakhala kumeneko. Abusa anakokera mpando wawo chapambali, ngati munthu wosungira mnzake malo. Paipi yotenthetsa chipinda inkagogoda yokha m'khoma, ndipo nthawi iliyonse ikagogoda nkhalamba ziwiri zija zinkadzidzimuka n'kuyang'ana kumutu kwa tebulo.

Abusa anati poti wopereka mfundo kulibenso, mfundoyo yagwa. Ndinapereka pempho la amake Tiya kachisanu. Nkhalamba zija zinayang'ana malo opanda munthuwo, kenaka zinakweza manja, wina atayamba wina n'kutsatira. Ndinayang'ana wotchi yanga. Zinatenga mphindi zinayi. Ana anali atakhala kwa eni pafupifupi zaka ziwiri. Ndinalemba kalata pomwepo, abusa anasayina.

Mmawa mwake sindinapite kuntchito. Ndinakwera basi ya ku Mississauga, ndinagogoda khomo la kuseri. Amake Tiya anatsegula atanyamula nsalu za pabedi zochapa. Anazitula pansi, anapukuta manja, anawerenga kalatayo kawiri. Chingerezi tsopano amawerenga okha. Sanathokoze, ndipo sindinayembekezere kuti athokoze.

"A Mwale," anatero, "Esinati akandifuna?"

Ulendo uno sindinapeke yankho lililonse. Anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anamasula epuloni, anaipachika pachitseko, nafunsa kuti basi ya ku Brampton imanyamuka nthawi yanji. Ndinati 10 koloko. Matikiti awiri ndinali nditagula kale.